Getsi la ABS likayaka pa galimoto yakale: poyambira, ndi mmene mungadziwire ngati kampani iyenera kukonza ulere

Kwerani Sienta yonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Muloza, mukhale kutsogolo, muyang'ane pa dashibodi. Kawirikawiri mudzapeza kagetsi kachikasu kolembedwa ABS kali chiyakire, dalaivala alibe nako ntchito. Mukamufunsa adzati, "Aaa bwana, kameneko n'kakale, mabuleki akugwira bwinobwino." Sakunama ayi, galimoto imaima ndithu. Koma chimene chafacho chimafunika pa nthawi yoipa yokha: m'mawa wa chiperoni, phula litanyowa, mathirakitala a ku esiteti atapaka katondo pamsewu, wa kabaza n'kutulukira mwadzidzidzi kuchokera m'kanjira ka m'munda wa tiyi.

Mukaponda buleki mwamphamvu pamalo oterera, tayala limaleka kuzungulira n'kuyamba kutsetsereka. Tayala lotsetsereka silimvera chiwongolero. Mungakhotetse bwanji, galimoto imangopita kumene inaloza. ABS imaletsa zimenezi. Pa gudumu lililonse pali sensa imene imawerenga liwiro la gudumulo pogwiritsa ntchito mkombero wa mano kapena wa maginito umene umazungulira nalo limodzi. Kakompyuta kakaona kuti gudumu limodzi latsala pang'ono kuima pomwe anzake akuthamanga, kamalamula pampu ndi mavalavu kuti zimasule buleki ya gudumu limenelo n'kuimanganso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake chopondera chimanjenjemera pansi pa phazi, kumamveka phokoso la kugugudza. Kunjenjemera kumeneku si vuto, ndi ABS ikugwira ntchito. Musachotse phazi ndipo musapope. Pondani kolimba, manja akhale pa chiwongolero.

Mfundo yanga ndi imodzi. Vuto la ABS nthawi zambiri limakhala laling'ono ndiponso lotchipa, koma anthu amataya ndalama zambiri chifukwa choyambira kumapeto, kukagula pampu yonse asanadziwe chimene chalakwika, komanso asanafufuze ngati kampani yopanga galimotoyo inavomera kale kuti mbali imeneyo inali ndi chilema.

Choyamba, onani kuti ayaka ndi magetsi angati

Mukatembenuza kiyi, getsi la ABS liyenera kuyaka masekondi ochepa kenako n'kuzima lokha. Likakhalabe choyaka, kapena likamayaka muli paulendo, kakompyuta kapeza vuto ndipo kazimitsa ABS. Ngati layaka ndi lachikasu lokhalo, mabuleki wamba alipo, mukhoza kuyenda mosamala mpaka ku galaja.

Nkhani imasintha likayakanso getsi lofiira la mabuleki, lija lokhala ndi chizindikiro cha mfuwu (!) m'kati mwa mkombero. Onani kaye ngati handibuleki yatsika yonse. Ngati yatsika koma getsi lofiira likadali choyaka, imani. Mwina mafuta a mabuleki achepa, kapena yafa ndi mbali imene imagawa mphamvu ya buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, yotchedwa EBD. Ikafa imeneyo matayala akumbuyo amamangika msanga, galimoto n'kuponya mbuyo yake kumbali. Galimoto yotere musatsike nayo zitunda za Thyolo, ndipo msewu wa ku Thekerani musauyerekeze n'komwe. Chimodzimodzinso chopondera chikafewa kapena chikamamira pang'onopang'ono mpaka pansi. Limenelo si vuto la ABS chabe, ndipo galimotoyo ikokedwe.

Zimene mungaone nokha pakhomo

Tsegulani boneti pamalo athyathyathya. Kathanki ka mafuta a mabuleki kali ndi mizere iwiri, MIN ndi MAX. Mafuta akatsika pang'ono, nthawi zambiri ndiye kuti mapadi adyeka. Akatsika kwambiri, pali pomwe akudontha, ndipo kungothirira si kukonza. Yang'anani mkati mwa matayala onse anayi ndi pansi pa pampu ya ABS, kabokosi kachitsulo komwe kamatuluka timapaipi tambiri, muone ngati pali ponyowa. Pa chivundikiro cha kathankiko palembedwa mtundu wa mafuta oyenera, DOT 3 kapena DOT 4. Musathiremo DOT 5, amene ndi a silikoni ndipo sagwirizana ndi ABS. Musathiremonso oilo wa injini kapena wa chiwongolero ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa malabala onse a m'kati.

Kenako batire. Ambiri sadziwa kuti batire yofooka kapena alternator yotopa imayatsa getsi la ABS. Batire yabwino imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini ili chozima, ndipo injini ikamalira iyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pamitu ya batire pakakhala ufa woyera kapena wobiriwira, tsukani, mumange bwino. Onaninso mafyuzi olembedwa ABS m'bokosi la mafyuzi la ku injini. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, lekani, pali waya amene akugundana kapena pampu yafa m'kati. Kumanga kawaya pamalo pa fyuzi ndi mmene magalimoto amapsera.

Onaninso matayala. Kugula tayala limodzilimodzi la kaunjika kumachititsa kuti galimoto ikhale ndi matayala osiyana kukula. Tayala laling'ono limazungulira mofulumira kuposa anzake, kakompyuta n'kumaona ngati sensa ikunama. Werengani manambala a m'mbali mwa tayala, monga 175/65 R14, afanane onse anayi.

Masensa, mawaya ndi matope athu

Apa ndi pomwe pamakhala mavuto ambiri, ndipo ndi pofunika kudekha. Kwezani galimoto, muikhazike pa zochirikizira zolimba, chifukwa jeke yokha siyodalirika. Chotsani tayala, mukhotetse chiwongolero kuti muone kuseri kwa disiki. Mudzaona waya wakuda wochokera m'thupi la galimoto, wodutsa pa shokabu, n'kukalowa pafupi ndi habu. Kumapeto kwake ndiko kuli sensa, yomangidwa ndi kabawuti kamodzi, kawirikawiri ka sipanala nambala 10.

Tsatirani waya ameneyu ndi zala kuyambira kumwamba mpaka pansi. Misewu ya m'maesiteti ndi ya kumidzi, ya ku Likhubula, Masambanjati kapena kuseri kwa Limbuli, imamugwedeza tsiku ndi tsiku. Timakilipi tomugwira timathyoka, iye n'kumakhula pa tayala mpaka mkuwa kuonekera. Nthawi zina kunja amaoneka wabwinobwino koma m'kati anaduka pomwe amapindika galimoto ikamakhota, ndiye getsi limayaka pa mabampu n'kumazima pa phula losalala. Makoswe nawo amadya mawaya a galimoto imene imagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga. Masulani pulagi yake muone ngati mulibe madzi kapena dzimbiri lobiriwira. Magalimoto amene anawolokapo madzi akuya, kapena amene anamira pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, amavutika kwambiri ndi mapulagi owola chonchi, ngakhale patapita nthawi yaitali.

Masulani kabawuti kaja, muzule sensa mwaulemu, mukuipotoza uku ndi uku. Musaikanule ndi sikuludiraiva, ndi yapulasitiki ndipo ikathyokera m'bowo ntchito imakula. Pa magalimoto akale nsonga yake ili ndi maginito, ndiye mudzaipeza itavala katondo wouma wosakanikirana ndi tizitsulo tosalala, toimirira ngati ndevu za masiku atatu. Pukutani ndi kansalu. Walitsani tochi m'bowomo, wina azizungulitsa habu pang'onopang'ono, inu muziyang'ana mano a mkombero uja limodzi ndi limodzi. Mukufuna kuona ngati pali dzino lothyoka, mng'alu, kapena matope odzaza pakati pa mano. Palaninso dzimbiri pamalo pokhala sensa, chifukwa dzimbiri likatupa limaikweza, mpata pakati pa iyo ndi mano n'kukula.

Mkombero wong'aluka uli ndi chizindikiro chake. Mukamaima pang'onopang'ono pa phula louma, monga pa mphambano ya Chitakale kapena pa mahampu a pa Bvumbwe, chopondera chimanjenjemera popanda chifukwa, galimoto n'kupitirira pang'ono pomwe mumafuna kuima. Kakompyuta kakuganiza kuti gudumu latsetsereka pomwe silinatero. Ili ndi vuto loopsa kuposa getsi longoyaka, musalizengereze.

Tsopano dzifunseni kuti getsi linayamba liti. Ngati linayaka mutangochoka ku galaja, yankho lili komweko. Pali zinthu ziwiri zimene zimachitika mobwerezabwereza. China ndi CV joint, cholumikizira cha kumapeto kwa shafuti yozungulitsa gudumu. Ya galimoto ya ABS imakhala ndi mkombero wa mano kunja kwake, koma m'mashopu a masipeya muli zina zofanana nayo ndendende zopanda mkomberowo, kapena zokhala ndi mano ochuluka mosiyana. Imalowa bwinobwino, galimoto imayenda, koma sensa ilibe chowerenga. Pokagula nyamulani yakale, muwerenge mano a zonse ziwiri pa kauntala pomwepo. China ndi bering'i. Pa magalimoto ambiri atsopanoko mkombero uja ndi wa maginito ndipo uli m'mbali imodzi ya bering'i. Mbali imeneyo iyenera kuyang'ana kuli sensa. Akaiika chotembenuza, getsi limayaka, ndipo poichotsa bering'iyo nthawi zambiri imawonongeka. Asanaiike, yandikitsani kachitsulo kopepuka, monga kopanira mapepala, mbali zonse ziwiri. Kumene kakamatire ndiko kwa sensa. Bering'i yakutha, imene imalira kapena kugwedera, nayonso imasokoneza sensa.

Za kuyeza sensa ndi mita, samalani. Masensa akale a koilo amayezedwa ma ohm, ndipo njira yabwino ndi kuyerekeza ya kumanja ndi ya kumanzere, ziyenera kuyandikana. Masensa atsopano amalandira magetsi kuchokera ku kakompyuta, ndipo kuwayeza ma ohm sikukuuzani zoona. Amenewo amaonedwa pa makina.

Pitani nayo pa kompyuta musanagule kanthu

ABS ikayatsa getsi imasunga nambala ya vutolo. Pansi pa dashibodi, kufupi ndi mawondo a dalaivala, pali soketi ya mabowo 16 yolumikizira makina owerengera. Timakina totchipa tambiri timangowerenga za injini, ndiye musanalipire funsani kuti, "Achimwene, makina anuwa amalowa mu ABS?" Ngati pafupi palibe otero, ulendo wa ku Limbe kapena Blantyre ndi wotchipa kusiyana ndi kugula sipeya molota.

Manambala ambiri a ABS amayamba ndi chilembo C. Pa ma Toyota ambiri, C0200 ndi sensa ya kutsogolo kumanja, C0205 kutsogolo kumanzere, C0210 kumbuyo kumanja, C0215 kumbuyo kumanzere, ndipo C1241 imanena za magetsi ochepa ochokera ku batire. Lembani nambalayo kapena muijambule pa foni asanaifufute. Dziwaninso kuti nambala ya sensa sikutanthauza kuti sensayo yafa. Ikungoloza gudumu lomwe uthenga wake sukufika bwino, ndipo wolakwa akhoza kukhala waya, pulagi, mkombero kapena bering'i. Makaniko wodziwa ntchito amakwera nanu, makina ali m'manja, n'kumaona liwiro la magudumu onse anayi galimoto ikuyenda. Atatu akamati 30 limodzi n'kumati 0, kapena kumadumphadumpha, mlandu wapezeka. Amene amangofufuta nambala n'kukuuzani kuti zatheka sanakonze kalikonse, getsi lidzayakanso musanafike pa Thuchila.

Nambala ikaloza pampu, mota yake kapena kakompyuta, musathamangire kugula. Aonetsetse kaye kuti magetsi akufika pa pulagi yaikulu ya pampuyo, kuti relay, kaswitchi kopereka magetsi ku pampuyo, kali bwino, ndiponso kuti waya wa ku bodi sanachite dzimbiri. Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, mwafika pa sipeya yodula kwambiri, ndipo apa ndi pofunika kufufuza nkhani ya recall.

Kodi kampani ingakonze ulere?

Kampani yopanga magalimoto ikapeza kuti mbali ina inapangidwa ndi chilema choika moyo pa chiswe, imalengeza kuti magalimoto onse okhudzidwa abwere adzakonzedwe popanda kulipira. Imeneyo ndiye recall, ndipo imatsata galimoto, osati munthu amene anaigula koyamba. Za ABS zachitikapo zikuluzikulu. Mu February 2010, Toyota inaitanitsa magalimoto a hybrid oposa 400,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo ma Prius, kuti ikasinthe pulogalamu ya kakompyuta ka ABS, chifukwa buleki inkachedwa kugwira kwa kamphindi pa msewu wa mabampu kapena woterera. Mu June 2013 inaitanitsanso ma Prius ndi Lexus HS 250h pafupifupi 242,000 chifukwa cha kathanki kosunga mphamvu ya buleki komwe kankatha kung'aluka. Mu September 2023, Hyundai ndi Kia anaitanitsa magalimoto oposa 3.3 miliyoni ku America chifukwa mbali ya ABS inkatha kugundanitsa magetsi m'kati n'kuyambitsa moto ngakhale galimoto ili chozima, ndipo eni ake anauzidwa kuti aziimika panja, kutali ndi nyumba, mpaka itakonzedwa. Ngati muli ndi Tucson, Sportage, Elantra kapena Rio yakale imene imagona m'galaja yogundana ndi chipinda cha ana, nkhaniyi ikukukhudzani mokwanira kuti mufufuze.

Kufufuza kumayamba ndi nambala ya chasisi. Ili pa blue book, pa kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko kapena ku injini, ndipo inadindidwanso pa thupi la galimoto, kuseri kwa injini kapena pansi pa mpando wakutsogolo. Onetsetsani kuti ya pa pepala ndi ya pa chitsulo zikufanana. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan ali ndi nambala yaifupi ya zigawo ziwiri, yoyamba ndi zilembo monga NCP81 kapena NZE121, kenako kamzere, kenako manambala. Ochokera ku UK, South Africa ndi America ali ndi VIN ya zilembo ndi manambala 17, ndipo mmenemo mulibe I, O kapena Q, choncho chooneka ngati O ndi ziro.

Kumene mukafufuze kukutengera dziko limene galimotoyo inagulitsidwa koyamba. Ya ku Japan, pitani pa tsamba la intaneti la ku Japan la kampani yake. Toyota, Nissan, Honda ndi Mazda onse ali ndi malo olembapo nambala ya chasisi. Masambawa ndi a Chijapani, koma Chrome ya pa foni imawamasulira mokwanira kuti mumve. Ya ku UK, tsamba la gov.uk limafufuza pogwiritsa ntchito nambala ya puleti imene galimotoyo inali nayo kumeneko, ndipo nambalayo mungaipeze pa mapepala amene inabwera nawo. Ya ku America, ndi tsamba la NHTSA, bungwe la boma la kumeneko loona za chitetezo cha pamsewu. Nambala ya ku Japan mukailemba pa tsamba la ku America siidzapezeka, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti galimoto ilibe nkhani. Mwangogogoda khomo lolakwika.

Mukapeza kanthu, werengani bwino mtundu wake. Ku Japan, kupatula recall yeniyeni, kuli zina zimene makampani amachita mwa kufuna kwawo, monga service campaign ndi kuwonjezera nthawi ya waranti pa sipeya ina yake. Waranti yowonjezerayo imakhala ndi malire a zaka kapena makilomita, ndipo pa galimoto yakale nthawi zambiri inatha kalekale. Ku America lamulo limakakamiza kampani kukonza ulere ngati galimoto inali isanapitirire zaka 15 kuchokera pomwe inagulitsidwa koyamba pa nthawi imene chilemacho chinadziwika. Onaninso ngati ntchitoyo inachitika kale galimoto isanakwere sitima, chifukwa zambiri zinakonzedwa komweko.

Apa ndinene mosabisa, kuti musapite ku Blantyre ndi chiyembekezo chonse. Recall imalengezedwa pa msika umodziumodzi, pansi pa malamulo a dziko limenelo. Galimoto imene inagulidwa yatsopano kwa dila wa kuno ili ndi mwayi waukulu, chifukwa nambala yake ili m'mabuku awo. Imene inalowa pa Songwe kapena pa Mwanza itatumikira kale kwina ili kunja kwa msika umene inapangidwira, ndipo lonjezo la ku Japan silimangirira dila wa ku Malawi mwa lokha. Komabe kufunsa n'kwaulere, ndipo pa nkhani zoopsa kwambiri makampani akonzapo ngakhale magalimoto obwera chonchi m'maiko ena. Jambulani zimene mwapeza pa intaneti, nambala ya recall ioneke. Imbani kapena pitani kwa dila wovomerezeka wa mtundu wa galimoto yanu, mutanyamula blue book. Funsani mwaulemu koma molunjika: "Bwana, galimoto iyi ili pa recall nambala yakutiyakuti. Kodi mungaigwire pansi pa recall imeneyi? Ngati simungathe, sipeya yokonzedwayo nambala yake ndi chiyani, ndipo ndi ndalama zingati?" Pemphani yankho lolembedwa. Ngakhale akane, mwapindula, chifukwa mwadziwa chilema chenicheni cha galimoto yanu ndi sipeya yoyenera. Pa nkhani ya Hyundai ndi Kia ija, mwachitsanzo, kukonza kwake kunali kusintha fyuzi ya ABS.

Recall siikhudza zakutha ndi ukalamba kapena msewu. Waya wodulidwa ndi mwala, bering'i yodyeka, pulagi yowola ndi madzi, zonsezi ndi za m'thumba mwanu. Imakonza chilema chokhacho chimene chinalembedwa, pa magalimoto a manambala okhawo amene anatchulidwa. Mnzanu wa Prius ya chaka chomwecho akhoza kukhalamo inu osakhalamo.

Pofufuzapo, ambiri mudzakumana ndi dzina la Takata. Imeneyo ndi nkhani ya ma airbag, osati mabuleki, koma musaidumphe. Mankhwala ophulitsa airbag zimenezi amawonongeka akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi a chinyezi, ndipo pa ngozi chitsulo chake chimatha kusweka n'kulasa munthu kumaso kapena pakhosi. Inakhudza magalimoto mamiliyoni ambiri a Toyota, Honda, Nissan, Mazda ndi ena. Ku Japan, kuyambira May 2018, magalimoto okhala ndi mitundu yoopsa kwambiri ya airbag zimenezi analetsedwa kupambana mayeso a boma mpaka atakonzedwa, koma amene anachokako zisanafike pamenepo ena anabwera nazo. Chinyezi cha kuno kumapiri mukuchidziwa nokha. Ifunseni kwa dila pa ulendo womwewo.

Mukamagula pampu nokha

Yatsopano ndi yodula, ndiye ambiri amagula yochotsa pa galimoto ina ku Limbe kapena ku Ndirande. Palibe cholakwika, bola mutsate zinthu zingapo. Nambala ya pa pampu yakale ndi ya pa imene mukugulayo zifanane chilembo ndi chilembo. Kufanana kwa maonekedwe n'kosakwanira, chifukwa galimoto ya mtundu umodzi imakhala ndi mapampu osiyana malinga ndi injini, chaka, 2WD kapena 4WD, ndiponso ngati ili ndi VSC, chipangizo chothandiza kuti galimoto isatsetsereke pokhota. Mabowo a timapaipi akhale otsekedwa, osati odzaza fumbi. Gwirizanani ndi wogulitsa masiku oyesera, alembe pa lisiti kuti ikakana mubweza. Ngati mtundu wa galimoto yanu unali pa recall ya pampu, yakale yochotsa kwina ikhoza kukhala ndi chilema chomwecho, ndiye funani ya nambala yokonzedwa ija.

Poika, batire ichotsedwe kaye. Timapaipi alembe zizindikiro asanamasule, chifukwa kusinthanitsa tiwiri kumachititsa ABS kumasula gudumu lolakwika. Manati ake ndi ofewa, amafuna sipanala yake ya mapaipi, osati pulayala. Mafuta a mabuleki amadya penti, akadonthera tsukani ndi madzi msanga. Akamaliza achotse mpweya m'mabuleki onse anayi, ndipo pa magalimoto ambiri pamafunikanso makina aja kuti atsegule mavalavu a m'kati mwa pampu, mpweya wobisala utuluke. Ena amafunanso kuti pampu yatsopanoyo ilembetsedwe pa kompyuta ya galimoto. Za ma hybrid monga Prius ndi Aqua ndi nkhani ina. Mabuleki ake amayendetsedwa ndi magetsi ndipo amasunga mphamvu yaikulu m'kati ngakhale galimoto itazima. Amenewo apatseni munthu amene ali ndi makina ndipo anawagwirapo kale.

Pamene mabuleki ali otsegula, sinthiranitu mafuta onse. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri osachepera 230, koma ikamwa madzi imatsika kufika cha m'ma 155, ndipo DOT 3 imachoka pa 205 kufika cha m'ma 140. Potsika chitunda chachitali galimoto itadzaza, phazi lili pa buleki njira yonse, mafuta akale amawira, chopondera n'kumira. Madzi omwewo ndi amene amadyetsa dzimbiri mavalavu a m'pampu. Kusintha pa zaka ziwiri zilizonse ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa pampu. Gulani botolo lomata, osati lotsala lomwe lakhala chotsegula pa shelefu ya galaja. Ndipo potsika gwiritsani giya yotsika, 2 kapena L, kapena B pa hybrid.

Yesani ntchitoyo musanalipire zonse. Getsi liyake n'kuzima potembenuza kiyi, lisabwerenso mukayenda makilomita angapo, chifukwa mavuto a masensa ambiri amaonekera galimoto ikayamba kuthamanga. Kenako pezani msewu wafumbi wowongoka, wopanda anthu, njinga kapena ziweto, mumange lamba, mufike liwiro la 30 kapena 40, muponde kolimba. Chopondera chinjenjemere, galimoto iime mowongoka. Dziwani kuti pa miyala yotayirira ndi pa mchenga, galimoto ya ABS imatha kutenga mtunda wotalikirapo kuti iime. Chimene imakupatsani ndi chiwongolero, ndiye mpata pakati pa inu ndi wa kutsogolo usachepe chifukwa choti getsi lazima. Sungani malisiti onse ndi pampu yakaleyo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima: kuchotsa babu, kapena kumata tepi yakuda kuseri kwa galasi la dashibodi kuti getsi lisaoneke, kaya pofuna COF kaya pofuna kugulitsa galimoto. Wogulayo amanyamula banja lake akukhulupirira kuti ali ndi chitetezo chimene palibe. Makaniko akakuuzani kuti, "Madala, tingolizimitsa basi," kanani. Ngati ndalama palibe lero, ndi bwino getsi liziyaka, aliyense wogwira chiwongolero adziwe kuti ABS kulibe ndipo achepetse liwiro kukagwa mvula.

Inu amene mukugula galimoto, yesani chonchi. Tembenuzani kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake, koma musalize injini. Pa magalimoto ambiri getsi la ABS limayaka n'kuzima lokha pakapita masekondi ochepa, pomwe la oilo ndi la batire akadali choyaka. Likapanda kuyaka n'komwe, wina analibisa. Likadikira mpaka injini italira n'kuzima nthawi imodzimodzi ndi la oilo kapena la batire, kaikirani, chifukwa ena amalilumikiza ku magetsi amenewo kuti lizioneka lamoyo. Pamenepo pemphani kuti mupite nayo pa kompyuta musanapereke ndalama, ndipo lembani nambala ya chasisi mufufuze recall madzulo omwewo. Ngati munagula kale kwa wamalonda amene anakubisirani chilema chotere, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Pitani ndi lisiti, pangano la malonda ndi pepala la zimene kompyuta yapeza.